Mtondo, Mthiko ndi Chikopa: Mbiri ya Kasamalidwe ka Zipangizo za Pakhomo ku Likuni

Munthu akachoka mu tauni yakale ya Lilongwe n'kulunjika kumwera chakumadzulo, amadutsa Chinsapo kenaka n'kufika pa Likuni. Dzinali ndi la mtsinje umene umachokera m'mapiri a Dzalanyama, koma lidatchuka chifukwa cha mishoni imene ansembe a Chikatolika otchedwa White Fathers adakhazikitsa m'chaka cha 1903, patangotha chaka chimodzi chikhazikitsireni mishoni ya ku Mua. Pambuyo pake padabwera chipatala, sukulu ndi nyumba yosindikizira mabuku, ndipo mbiri ya zonsezi idalembedwa bwino lomwe. Imene siidalembedwe ndi mbiri ya zipangizo zimene ansembewo adazipeza m'midzi ya Achewa yozungulira malowo: mtondo ndi munsi, mthiko ndi chipande, mbale yosema, nguwo yoberekera mwana, mvukuto wa wosula ndi ng'oma ya kubwalo. Zonsezi zinkachokera ku mtengo ndi ku chikopa, ndipo zinkakhalitsa kapena kutha msanga malinga ndi dzanja lozisunga.

Mtengo susiya mbiri pawokha

Dr. Yusuf Juwayeyi, katswiri wofukula zakale, adakumba malo a Mankhamba kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, amene adali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. M'buku lake la mu 2020 adafotokoza zimene adapeza: mapale a miphika, zitsulo, mkuwa, mikanda, minyanga ya njovu, mafupa a nyama, ngakhalenso zidutswa za mbale zadothi zochokera ku China. Anthu amene ankaphika m'miphikayo adali nayo mithiko yovundulira, koma imeneyo nthaka idadya kalekale. Chiswe, chinyontho ndi dzuwa la dziko lino sizilekerera mtengo kapena chikopa chimene chatayidwa.

Mtengo umapulumuka ukakhala pamalo pamene mpweya sufika. Pa mathithi a Kalambo, m'malire a Zambia ndi Tanzania, akatswiri adalengeza mu 2023 kuti adapeza mitengo iwiri yosemedwa ndi kulumikizidwa ndi manja zaka pafupifupi 476,000 zapitazo. Idasungika chifukwa idakwiririka m'mchenga wonyowa nthawi yonseyo. Pakhomo pa munthu palibe malo otere. Choncho mtondo umene udatumikira mayi, mwana wake ndi mdzukulu wake udafika patali chifukwa padali wina wousamala tsiku ndi tsiku.

Chisamaliro chinkayambira kutchire

Wosema wa kale ankadziwa kuti mtengo uliwonse uli ndi ntchito yake. Mlombwa unkakondedwa pa mitondo, mbale ndi ng'oma chifukwa sung'aluka wamba ukamauma, ndiponso chiswe sichiukonda. Munsi unkafuna mtengo wolimba ndi wolemera monga muwanga, kuti kulemera kwake kuthandize mkono wa wosinja. Mthiko ndi chipande zinkafuna mtengo wopanda fungo ndi wosawawa, popeza zimalowa m'chakudya chotentha. Mitengo yoopsa monga nkhadze, imene utomoni wake umawononga maso, kapena mwabvi wa makungwa akupha, sinkaloledwa kuyandikira kumafuwa.

Mtengo wauwisi umakhala ndi madzi ambiri, ndipo ukamauma umachepa. Kunja kumauma msanga kusiyana ndi m'kati, tsono kunjako kumakoka pamene m'kati simudasunthe, mng'alu n'kubadwa. Madzi amatuluka mofulumira kwambiri kumapeto kwa chipika, n'chifukwa chake ming'alu imayambira kukamwa kwa mtondo kapena kutsinde kwake. Wosema ankadula ndi nkhwangwa, n'kugoba ndi kasemasema mtengo ukadali wofewa, kenaka n'kuuika pamthunzi kuti uume pang'onopang'ono. Wofulumira amene ankauyanika padzuwa la mwezi wa October ankapeza ntchito ya masiku ambiri itang'ambika pakati. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito yosema mwambiwu udali lamulo.

Mtondo watsopano sunkayamba ndi chimanga chodya. Ankayamba asinjamo gaga kuti achotse tizibenthu ta mtengo ndi kusalaza m'kati mwake. Gagayo ankapatsa nkhuku, ndipo pambuyo pake ndi pamene mphale ya banja inkalowamo.

Malamulo a pamtondo ndi pamafuwa

Chimanga chidachokera ku Mexico, ndipo chidafika m'maiko a kuno kudzera kwa amalonda a kunyanja patapita chaka cha 1500. Chisadafale, anthu ankadalira mapira ndi mawere, zimene ankapuntha, kupeta ndi kupera pamphero. Chimanga cha makolo ndi cholimba, ndipo kuti chisanduke ufa woyera chinkadutsa njira yaitali: kukonola, kupeta ndi lichero, kuviika mphale m'madzi masiku angapo, kutsuka, kuyanika, kusinja ndi kusefa. Pokonola amathira timadzi, ndipo mphale yoviika imasinjidwa ikadali ndi chinyontho. Motero mtondo unkanyowa kawirikawiri, ndipo mdani wake woyamba adali madzi otsalira pansi pake.

Apa ndi pamene padachokera malamulo amene mtsikana aliyense ankawadziwa asadathe msinkhu. Akamaliza kusinja, mtondo ankaupukuta n'kuugoneka cham'mbali kapena kuuvundikira pakhonde, pamene mvula siifika ndipo dzuwa siliomba tsiku lonse. Tsinde lake silinkasiyidwa panthaka yonyowa, chifukwa chiswe chimalowera pansi osaoneka. Munsi ankautsamiritsa kukhoma. Mthiko ndi chipande ankazipala nsima isadaume, n'kuzitsuka ndi mchenga kapena phulusa, kenaka n'kuzitsomeka kutsindwi la nyumba yophikira. Kumeneko utsi unkaziumitsa ndi kuthamangitsa tizilombo tofumbwitsa mitengo. Kamtondo ka nsinjiro kankakhalitsa kuposa inzake, pakuti mafuta a mtedza ankalowerera m'thupi mwake n'kutseka njira ya madzi.

Malamulo ena ankaperekedwa ngati zoletsa. Mwana sankaloledwa kukhala pamtondo. Mthiko sunkagwiritsidwa ntchito pomenyera munthu. Mnyamata wonyambita mthiko ankaopsezedwa kuti adzamera mabere. Chilango chonenedwa chinkasiyana mudzi ndi mudzi, koma cholinga chidali chimodzi: chipangizo chokhudza chakudya cha banja lonse chikhale chaukhondo ndiponso chisathyoke pa masewera. Mwana wamng'ono samva za majeremusi, koma amamva za mabere.

Pakati pa Achewa mwamuna ndiye ankapita kukakhala kwa mkazi, mwambo wa chikamwini. Chifukwa cha ichi zipangizo za kumafuwa zinkatsalira m'mbumba, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Mtsikana wolowa m'banja ankapatsidwa mthiko, chipande ndi lichero pamodzi ndi malangizo a kasungidwe kake. Kubwerekana kudalipo, koma wobwereka ankadziwa mwambi wakuti nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka, ndipo ankabweza mtondo wa mnzake uli wouma, dzuwa lisadalowe.

Pamtondo padalinso bwalo la amayi. Nyimbo zosinjira zinkanyamula madandaulo amene mkamwini waulesi kapena apongozi ovuta ankawamva okha, popanda wowatchula dzina. Hugh Tracey, amene adayenda m'maiko ambiri a mu Africa kujambula nyimbo, adajambulako nyimbo za anthu a m'dziko lino m'zaka za m'ma 1950, kuphatikizapo za pamtondo.

Chikopa ndi ofufuta

Nsalu zisadachuluke, anthu ankavala nyanda yosulidwa kuchokera ku makungwa a mombo, ndiponso zikopa za mbuzi ndi nyama zakutchire. Mwana ankaberekedwa mu nguwo. Wosula makasu ankapemerera moto ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi. Angoni, amene gulu lawo loyamba lidawoloka Zambezi pansi pa Zwangendaba mu 1835, adadza ndi luso lawo la zikopa za ng'ombe, makamaka zishango za nkhondo. M'zaka zimene nkhondo zawo zinkafika m'chigwa cha Lilongwe, midzi yambiri ya Achewa idadzitchinga ndi malinga. Nkhondozo zidatha atsamunda atagonjetsa Gomani mu 1896 ndi Mpezeni mu 1898, ndipo chishango chidatsalira m'gule wa ngoma.

Chikopa chabwino chinkayambira pa mpeni wa wosenda, pakuti chikabooka pamenepo sichikonzekanso. Akasenda ankachitambasula, n'kuchikhomera ndi zikhomo mbali ya mnofu ili kumwamba, n'kupala mafuta ndi tinyama totsalira. Dzuwa loopsa lidali ngozi, chifukwa limaumitsa pamwamba pokha, m'kati n'kuyamba kuola, ubweya n'kusosoka. Chikauma chimakhala gwa ngati thabwa, ndipo apa ndi pamene ntchito yofufuta inkayambira: kuchinyowetsa pang'ono, kuchipaka mafuta, kuchipinda ndi kuchifikisa m'manja mpaka chifewe ngati nsalu.

Mafuta ake adali a nsatsi. Amayi ankakazinga njere zake, n'kuzisinja, n'kuziwiritsa m'madzi, kenaka n'kuyengula mafuta oyandama pamwamba. Mafuta omwewo ankadzola m'thupi. Koma sankawapaka pa mthiko kapena mbale yodyera, chifukwa amatsegula m'mimba, ndipo njere za nsatsi zili ndi poizoni. Chikopa chofufuta ankachipachika m'mwamba, kutali ndi agalu ndi makoswe. Chikanyowa ndi mvula ankachiyanika pamthunzi n'kuchifikisanso ndi mafuta, pakuti chikaumira pamoto chimakhwinyata ndi kusweka.

Ng'oma ndiyo imaphatikiza maluso onse awiri, thupi la mtengo ndi nkhope ya chikopa. Oyimba amaiwamba pamoto kuti chikopa chikungike, ndipo ena amamata phula pakati pake kuti mawu azame. Koma wowamba mopitirira muyeso amaiphulitsa. Mwambi wakuti ng'oma yolira bwino siichedwa kung'ambika umalangiza munthu wotchuka kuti adzichepetse, ndipo udatengedwa pa chinthu chimene aliyense wa kubwalo adachionapo ndi maso. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, amadalirabe wosema ndi wokunga zikopa, ngakhale maina awo satchulidwa pabwalo.

Sitolo, chigayo ndi likulu

Kusintha kudayamba ndi malonda. Kampani ya African Lakes, imene anthu adaitcha Mandala, idayamba mu 1878, ndipo boma la atsamunda litakhazikika ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amalonda a Chimwenye adatsegula masitolo awo. Nsalu idalowa m'malo mwa nyanda ndi nguwo. Amuna obwerera ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia adadza ndi mapoto, mbale zachitsulo, nsapato, malamba ndi masutikesi. Mbale yosema ndiyo idayamba kuzimirira. Chikopa nacho chidasintha nkhope: m'malo mwa mafuta a nsatsi padabwera polishi wa m'kachitini, ndipo m'malo mwa wofufuta padabwera wosoka nsapato wa pansi pa mtengo. Komabe kumidzi chikopa chaiwisi chidapeza ntchito ina. Pulogalamu ya chitukuko cha malimidwe ya Lilongwe Land Development Programme, imene idayamba mu 1968 ndi thandizo la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, idalimbikitsa ulimi wa ng'ombe ndi ngolo, ndipo zingwe zachikopa zinkafunika pomangira goli.

Chigayo chidachepetsa ntchito ya mtondo. Chidapeputsa amayi amene ankadzuka tambala woyamba kukasinja, ndipo palibe wonena zoona amene angakane ubwino wake. Ngakhale zidali choncho, mtondo sudagonje msanga. Kwa zaka zambiri amayi ankakana chimanga cha haibulidi chofewa chifukwa chinkaphwanyika pokonola, ufa wambiri n'kupita ku gaga, komanso chinkafumbwa msanga m'nkhokwe. Akatswiri a pa Chitedze, kumadzulo kwa Lilongwe, adayenera kumvera dandaulo limeneli, ndipo mu 1990 adatulutsa mbewu za MH17 ndi MH18, za njere zolimba zokonoleka bwino. Pamenepa mtondo wa m'mudzi ndiwo udauza asayansi mbewu yoyenera kupanga.

Kusintha kwakukulu kudadza ndi likulu. Mu 1966 Lilongwe idali ndi anthu pafupifupi 19,000. Itakhala likulu la dziko mu 1975, chiwerengero chidafika pafupifupi 99,000 mu 1977, ndipo kalembera wa mu 2018 adapeza anthu 989,318. Kawale ndi Biwi zidadzaza, Area 23 ndi Area 25 zidakula, Mgona ndi Chinsapo zidamera nyumba zothithikana, mpaka Likuni, amene kale adali mishoni ya kumudzi, adalumikizana ndi mzinda. M'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi mulibe tsindwi la utsi lotsomekako mthiko. Kuphika kudasamukira pa mbaula ya makala. Ziwiya zimagona m'beseni la madzi usiku wonse, ndipo mtondo, ngati ulipo, umatsalira panja pa mvula. Zipangizo zidalowa m'tauni, koma malangizo ake ambiri adatsala kumudzi. Walira mvula walira matope.

Mthiko wokha ndiwo sudasunthe. Nsima imafuna chovundulira cholimba, chosatentha m'manja ndi chosakanda poto, ndipo chitsulo kapena pulasitiki sizikwaniritsa zonsezi pamodzi. Ngakhale phala la ana lotchedwa Likuni Phala, limene lidatenga dzina ku chipatala cha pa Likuni, limavundulidwa ndi mthiko womwewo. Mu 2017 bungwe la UNESCO lidalemba nsima ya ku Malawi m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse, ndipo nsimayo siiphikika popanda mthiko ndi chipande.

Nkhalango yochepa ndi adani atsopano

Nkhalango ya Dzalanyama idatetezedwa ndi lamulo mu 1922, ndipo ndiyo gwero la madzi amene mzinda wa Lilongwe umamwa. Kukula kwa mzinda kudakulitsa msika wa makala, ndipo mitengo idadulidwa kwambiri kotero kuti mu 2015 boma lidatumiza asilikali kukailondera. Mlombwa umatenga zaka makumi ambiri kuti ufike pa msinkhu wosemamo mtondo. Osema ambiri tsopano amadalira mango, malaina ndi bulugamu, mitengo imene siipirira madzi ndi chiswe ngati mlombwa. Mtondo wa mlombwa umene uli pakhomo pa agogo ukaola, kupeza wina wofanana nawo ndi chinthu chovuta ndiponso chokwera mtengo.

Padabweranso mdani amene makolo sadamudziwe. Nankafumbwe wamkulu, wochokera ku Central America, adafika ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, n'kulowa m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Iyeyu sadya chimanga chokha, amabowolanso mitengo youma. Mtondo wosungidwa pafupi ndi matumba a chimanga chofumbwa umayamba kutulutsa kaufa m'timabowo ting'onoting'ono, chizindikiro chakuti walowedwa.

Luso losema nalo lidapeza kothawira. Ku Mua, Bambo Claude Boucher adakhazikitsa malo a Kungoni mu 1976, kumene osema adaphunzira ndi kusunga ntchito yawo, ndipo nyumba ya Chamare imasunga mbiri ya miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Koma nyumba yosungira zakale imasunga zochepa. Zambiri zimapulumuka kapena kutha m'makomo a anthu wamba.

Zimene zikadali zothandiza

Ena amataya ziwiya zamtengo poopa matenda. Mantha amenewa ali ndi pogwira, makamaka pokumbukira kolera wa mu 2022 ndi 2023 amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Lilongwe ili m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Komabe kafukufuku amene Dean Cliver ndi anzake adafalitsa ku America mu 1994 adaonetsa kuti thabwa lotsukidwa ndi kuumitsidwa bwino silisunga majeremusi pamwamba pake kuposa pulasitiki yokandikakandika. Choopsa ndi chinyontho ndi ming'alu yosunga zakudya zakale. Motero malangizo a kale ndi a azaumoyo amakumana pa thandala: chiwiya chitsukidwe ndi sopo ndi madzi aukhondo mwamsanga, chisaviikidwe usiku wonse, chiyanikidwe pamalo okwera podutsa mphepo, ndipo chiume kotheratu chisadalowe m'nyumba. Chikayamba kutuwa, chipakidwe timafuta tophikira pang'ono, n'kupukuta otsalira kuti asanunkhe. Mthiko wong'aluka kwambiri kapena wochita nkhungu yakuda ntchito yake yatha. Mng'alu waung'ono pakamwa pa mtondo umangidwe msanga ndi waya kapena lamba wachitsulo usadatsike, pakuti zengerezu adalinda kwawukwawu.

Za chikopa nazo sizidasinthe kwenikweni. Nsapato, lamba kapena chikwama chikanyowa chisayandikire mbaula. Chiume pamthunzi, m'kati mutaikidwa mapepala, kenaka chipakidwe polishi kapena mafuta pang'ono. M'miyezi ya dzinja chisatsekeredwe m'jumbo, chifukwa nkhungu imakonda malo opanda mpweya. Ng'oma ipachikidwe m'mwamba pouma. Ndipo chikopa cha nyama yofa yokha chisakhudzidwe konse, pakuti matenda a anthrax amatha kukhala m'chikopa chouma zaka zambiri n'kugwira munthu.

Adzukulu amene akadali ndi agogo ali ndi mwayi umene ofukula zakale a ku Mankhamba adalibe, mwayi wofunsa. Mtondo uwu adasema ndani? Ndi mtengo wanji? Udadulidwa kuti, chaka chiti? Udabwera ndi yani pakhomo pano? Mayankho ake alembedwe m'kope n'kusungidwa pamodzi ndi makalata a banja, chifukwa mwa iwo muli maina a amisiri, a nkhalango zimene zidatha ndi a amayi amene adadyetsa mbumba yonse. Safunsa adadya phula, ndipo mawu a akuluakulu akoma akagonera.